Akakuchotsani ntchito ku Dubai, tulukani ndi manja oyera koma osati opanda kanthu

A admin anandipempha kuti phunziro la sabata ino ndipereke ine, ndiye ndasankha nkhani imene inandionekera ndekha. Ndi yaitali ndithu. Ngati muli pa metro kapena mukudikira kasitomala, isungeni mudzawerenge mwachifatse madzulo.

Ambiri a ife kuno ku Dubai tili ndi miyendo iwiri. Mwendo umodzi uli pa ntchito ya eni, m'mashopu, m'makampani a cargo, m'ma warehouse. Mwendo winawo uli pa geni yathu, timaoda tinthu n'kumatumiza kumudzi. Tsiku limene ntchito ya eni ija yatha mwadzidzidzi ndi limene munthu umalakwitsa zinthu zazikulu, chifukwa mtima umakhala utatentha ndipo foni ili m'manja.

Zimene zinandichitikira

Ndinayamba ntchito mu Epulo 2021 pa kampani ina ya cargo ku Deira, chakufupi ndi Baniyas Square. Dzina lake sinditchula, ndipo mukamafika kumapeto mudziwa chifukwa chake. Anandilemba kwenikweni chifukwa cha chilankhulo. Ndinkalandira amalonda a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, kuyeza katundu wawo, kulemba malisiti, ndi kuwauza pamene kontena yafika, kuchoka pa Jebel Ali mpaka ku Beira kapena ku Dar es Salaam. SIM ya kampani inali mufoni yangayanga. Mmenemo munali manambala a makasitomala mazanamazana, mitengo imene aliyense ankalipira, maina a ma supplier, ndi mndandanda wa amene anali ndi ngongole.

Pa 15 Okutobala 2024 abwana anandiitanira mu ofesi. Anati ndikuwabera makasitomala. Nkhani yake inali yakuti tsiku langa lopuma ndinaperekeza msuweni wanga ku Dragon Mart kukagula magetsi a solar, ndipo iye katundu wakeyo anatumiza kudzera ku kampani ina imene inamutchipira. Abwana anatulutsa pepala la Chingerezi ndi Chiarabu, pambali pake envulopu ya ma dirham 3,000, n'kunena kuti ndikasaina andigulira tikiti, ndikakana nkhani ipita kupolisi. Miyendo inanjenjemera, sindinama. Koma ndinangoti ndikufuna ndikaliwerenge kaye pepalalo.

Usiku umenewo ku bed space kwathu ku Naif aliyense anali ndi nzeru yake. Mnzanga wina anati, "Aise, ukuchedwa chani? Tumiza zonsezo ku nambala yako ina, mawa tiyambe cargo yathu. Makasitomalawo amadziwa iwe, samudziwa bwanayo." Ine ndinali nditayamba kale kulemba post ya pa Facebook, chithunzi cha abwana pamwamba, mawu akuti wakuba pansi pake. Achikulire ena a ku Chipata, dalaivala amene wakhala kuno zaka zambiri, anatsika pa bedi lawo n'kundigwira dzanja. Anati, "Mphwanga, ika foniyo pansi. Panopa amene ali ndi ngongole ndi abwana ako. Ukangodina pamenepo, mawa wangongole ndiwe."

Mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Ndinafufuta post ija, sindinatumize kalikonse. Zimene ndilembe m'munsimu ndi zimene ndinaphunzira m'masabata otsatirawo, powerenga lamulo komanso pofunsa ku unduna wa zantchito, umene kuno timautchula kuti MOHRE.

1. Lamulo lake ndi liti?

Lamulo la ntchito la makampani omwe si aboma ndi Federal Decree-Law No. 33 of 2021. Linayamba kugwira ntchito pa 2 Febuluwale 2022, kulowa m'malo mwa lamulo lakale la 1980. Izi n'zofunika chifukwa malangizo ambiri amene timapatsana m'zipinda ndi a lamulo lakale lija. Wina akakuuzani za kontrakiti ya unlimited, kapena kuti wochotsedwa chifukwa cholakwa sapatsidwa gratuity, dziwani kuti akunena za nthawi yakale.

Onani kaye kuti kontrakiti yanu ili pansi pa ndani. Ngati kampani ndi ya mainland, ngati mashopu ambiri a ku Deira, nkhani yanu ndi ya ku MOHRE. Ngati ili mu free zone monga JAFZA kapena DMCC, dandaulo limayambira ku ofesi ya free zone yomweyo. DIFC ili ndi lamulo lakelake la ntchito ndi makhoti ake. Alongo athu ogwira ntchito zam'nyumba nawonso ali ndi lamulo lawo lapadera, Federal Decree-Law No. 9 of 2022.

2. Chinsinsi cha pantchito n'chiyani?

Ife tikamva mawu akuti chinsinsi timaganiza za zinthu zikuluzikulu za m'mabanki ndi m'mafakitale. Ayi ndithu. Pa geni chinsinsi ndi zinthu zomwe tonse timazidziwa mtengo wake: abwana amaoda kwa ndani, amaoda pa zingati, kasitomala uyu amamuchotsera zingati, akukambirana ndi ndani za oda ya mwezi wa mawa. Mayi wa pa msika wa Limbe sakuuza kumene amaoda zitenje zake, ndipo sumudabwa. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno zimenezi zili m'malamulo, ndipo zili ndi chilango.

Ndime 16 ya lamulo la ntchito imati wantchito asunge chinsinsi cha zimene wadziwa chifukwa cha ntchito yake, abweze zinthu za kampani ntchito ikatha, ndipo asasunge payekha mapepala kapena mafayilo a pakompyuta okhudza zinsinsi za ntchito popanda chilolezo cha abwana. Taonani mawu akuti asasunge. Kungodzitumizira fayilo ya mitengo ku email yanu ndi vuto kale, ngakhale musanamuonetse munthu.

Ndime 44 imalola abwana kuchotsa munthu popanda notisi pa zifukwa zingapo. Chimodzi mwa izo ndi kuulula chinsinsi cha ntchito chokhudza luso ndi nzeru za kampani, zimene zachititsa kuti abwana aluze, ataye mwayi wa malonda, kapena kuti wantchitoyo apindule yekha. China ndi kugwiritsa ntchito udindo wako molakwika kuti upeze phindu lako.

Zoopsa kwambiri sizili m'lamulo la ntchito koma m'malamulo a milandu. Ndime 432 ya Federal Decree-Law No. 31 of 2021 imati munthu amene wasungitsidwa chinsinsi chifukwa cha ntchito yake n'kuchiulula, kapena kuchigwiritsa ntchito kuti apindule iye kapena munthu wina, angathe kumangidwa kosachepera chaka chimodzi, kapena kulipira ndalama zosachepera ma dirham 20,000, kapena zonse ziwiri. Ukachita zimenezi kudzera pa foni kapena pa intaneti, pali lamulo linanso, Federal Decree-Law No. 34 of 2021, limene ndime 45 yake imanena za ndende yosachepera miyezi 6 kapena chindapusa cha pakati pa ma dirham 200,000 ndi 1,000,000. Munthu wolandira 3,000 pamwezi, taganizani mungazipeze kuti.

Post yanga ija nayonso inali ndi mlandu wake. Ndime 43 ya lamulo lomweli imati kunyoza kapena kuipitsa mbiri ya munthu pa intaneti kuli ndi ndende kapena chindapusa cha pakati pa ma dirham 250,000 ndi 500,000. Ndime 44 imaletsa kujambula munthu, kumutepa mawu, kapena kufalitsa chithunzi chake iye asanalole. Kumudzi tinazolowera kuyalutsana pa Facebook n'kumati bola ndanena zoona. Kuno kunena kuti ndi zoona si chishango chodalirika, ndipo ngakhale gulu la WhatsApp la anthu khumi limawerengedwa. N'chifukwa chake kampani ija sindikuitchula mpaka lero.

Izi si zongoopseza. Mnyamata wina wa kwathu amene ndinkapemphera naye ankagwira mushopu ya mafoni. Atachotsedwa anatumiza mndandanda wa mitengo ndi ma supplier kwa bwana watsopano amene ankafuna kumulemba, poganiza kuti akudzigulira malo. Mndandandawo unazungulira mpaka unabwerera kwa mwini wake. Nkhani inapita kupolisi, ndipo anamuletsa kutuluka m'dziko mpaka mlandu utatha. Bambo ake anamwalira nthawi yomweyo, maliro anaonera pa foni. Bwana watsopano uja sanamulembe n'komwe. Ndani angalembe munthu amene wangoonetsa kuti amatuluka ndi mafayilo?

Koma si chilichonse chimene chili chinsinsi. Kudziwa kuti magetsi a solar amapezeka ku Dragon Mart, kuti ma spare a galimoto ali ku Industrial Area ya ku Sharjah, kuti magalimoto akale amagulitsidwa ku Al Aweer, zimenezi aliyense wokwera basi amazidziwa. Luso lanu loyeza katundu, chilankhulo chanu, kudziwa kulankhula ndi anthu, zimenezo ndi zanu, mumapita nazo. Nkhani ya msuweni wanga inagwera mbali imeneyi. Sindinamupatse mtengo wa kampani kapena nambala ya supplier, ndinangomuperekeza pa msika wa aliyense.

3. Maola 24 oyamba

Choyamba, musasaine pepala limene simunalimvetse. Pepala la abwana anga linali ndi mfundo ziwiri: kuti ndasiya ntchito mwakufuna kwanga, ndiponso kuti ndalandira zanga zonse. Lamulo limanenadi kuti mgwirizano wolanda wantchito ufulu umene lamulo linamupatsa ndi wopanda mphamvu, koma siginecha yanu pansi pa mawu akuti ndalandira imakhala umboni, ndipo kuugwetsa ndi ntchito yaikulu. Chimodzimodzi ndi fomu ya cancellation. Mmenemo mumavomereza kuti mwalandira ndalama zanu, ndiye ndalama zilowe kaye, kusaina pambuyo.

Chachiwiri, pemphani kalata yokuchotsani. Kuchotsedwa pakamwa n'koopsa. Bwana akangoti usabwerenso, inu n'kukhala kuchipinda, pakatha masiku opitirira 7 otsatizana angathe kukanena ku unduna kuti mwathawa ntchito, chimene ambiri timachitcha absconding. Ikatero nkhani yatembenuka, ndipo mungathe kukhala chaka chathunthu osapatsidwa chilolezo china cha ntchito. Ine m'mawa mwake ndinapita kuntchito nthawi yanga ya masiku onse. Atandibweza pakhomo ndinawalembera abwana uthenga waulemu: lero ndabwera, mwandibweza, ndikupempha kalata yofotokoza chifukwa chake, ndipo ndili wokonzeka kugwira ntchito masiku a notisi.

Chachitatu, bwezani za eni pamaso pa mboni. Ndinalemba pa pepala SIM, makiyi, buku la malisiti ndi yunifolomu, ndipo supavaiza anasaina kuti walandira. WhatsApp ya kampani ndinaichotsa mufoni iye akuona, ndinatulukanso mu email ya kampani. Musafufute mafayilo a kampani pakompyuta yawo chifukwa cha mkwiyo, umenewonso ndi mlandu.

Chachinayi, sonkhanitsani umboni wanu, osati wa kampani. Wanu ndi uwu: kontrakiti yanu, imene mungaipeze pa app ya MOHRE, offer letter, ma statement a ku banki kapena a khadi la malipiro oonetsa zimene zinkalowa kudzera mu WPS, mapepala a tchuthi, ndi mauthenga a pakati pa inu ndi abwana okhudza malipiro anu ndi kuchotsedwa kwanu. Ma invoice a makasitomala, mndandanda wa mitengo, ndi mawu otepa mobisa, zimenezo zisiyeni. Ngati pali pepala la kampani limene lingakuthandizeni pa mlandu, litchuleni kwa amene akuweruza, ndi iwo angaliitanitse.

4. Tsono zanu ndi ziti?

Notisi. Ndime 43 imati kontrakiti ikamathetsedwa pakhale notisi yolembedwa ya masiku osachepera 30 ndi osapitirira 90, malinga ndi zimene munasainirana. Bwana akafuna muchoke lero lomwe, alipire masiku amenewo pa malipiro athunthu. Ngati mukugwira masiku a notisi iye ndi amene wakuchotsani, muli ndi tsiku limodzi pa sabata, losalipidwa, lokafunafuna ntchito. Amene akadali pa probation, imene siyenera kupitirira miyezi 6, notisi yawo ndi masiku 14.

Kuchotsa popanda notisi kuli ndi njira yake. Ndime 44 ija imati payambe pachitika kufufuza kolembedwa, wantchito afunsidwe, ndipo chigamulo chikhale cholembedwa, chofotokoza chifukwa, n'kuperekedwa kwa iye. Kukalipa mu ofesi si kufufuza.

Gratuity. Amene wagwira chaka chathunthu kapena kuposa amalandira malipiro a masiku 21 pa chaka chilichonse kwa zaka 5 zoyamba, ndi masiku 30 pa chaka chilichonse chapamwamba pake, koma zonse pamodzi zisapitirire malipiro a zaka ziwiri. Miyezi yotsala ya chaka chosakwanira imawerengedwanso. Chenjerani apa: amawerengera pa basic yokha, osati ndalama yonse imene mumalandira. N'chifukwa chake makampani amakonda kulemba basic yochepa n'kukuza allowance. Mukamasaina kontrakiti yatsopano, diso likhale pa basic.

Tchuthi. Ndi masiku 30 pa chaka, ndipo masiku amene simunapume amalipidwa pa basic.

Ndikupatseni masamu anga kuti muyesere anu. Ndinkalandira ma dirham 3,000: basic 1,800, allowance 1,200. Basic ya tsiku limodzi ndi 1,800 kugawa ndi 30, ndiye 60.

Gratuity: 60 kuchulukitsa ndi 21 ndi 1,260 pa chaka. Zaka zitatu ndi theka, 4,410.
Notisi ya masiku 30: 3,000.
Masiku 20 a tchuthi amene sindinapume: 1,200.
Malipiro a theka la Okutobala: 1,500.
Zonse pamodzi: 10,110.

Envulopu ija munali 3,000. Ndikanasaina chifukwa cha mantha, ndikanasiya 7,110 patebulo.

Ndime 53 imati ndalama zonsezi ziperekedwe pasanathe masiku 14 kontrakiti itatha. Ndime 13 imawonjezera zina zitatu: bwana asasunge pasipoti yanu, akupatseni kwaulere kalata yoonetsa kuti munagwira ntchito, yopanda mawu okuipitsirani mbiri, ndipo alipire tikiti yobwerera kwanu, pokhapokha ngati mwalowa ntchito pena kapena kontrakiti yatha chifukwa cha kulakwa kwanu.

Apa ndikuchenjezeni amene mukuyerekeza ndi kumudzi. Ku Malawi, Employment Act ya 2000 imamupatsa munthu mpata wokasuma ku Industrial Relations Court ngati wachotsedwa popanda chifukwa chomveka kapena asanamvedwe mbali yake. Kuno khomo limeneli ndi lopapatiza. Ndime 47 imatcha kuchotsa kosaloledwa pamene munthu wachotsedwa chifukwa chakuti anakadandaula ku unduna kapena anasumira bwana, dandaulolo n'kupezeka loona. Chipepeso chake sichipitirira malipiro a miyezi itatu. Choncho musataye mphamvu polimbana kuti akubwezeni pantchito. Limbanani ndi masamu.

5. Inshuwalansi ya ILOE

Ambiri timangolipira poopa chindapusa cha ma dirham 400, osadziwa ntchito yake. Inayamba pa 1 Januwale 2023. Amene basic yake siipitirira 16,000 amalipira ma dirham 5 pamwezi. Ntchito ikatha osati mwakufuna kwanu, imakupatsani 60 peresenti ya basic mwezi uliwonse mpaka miyezi itatu, kapena mpaka mutapeza ntchito ina. Muyenera kukhala mutalipira miyezi 12 yotsatizana, ndipo mupemphe pasanathe masiku 30 ntchito itatha.

Koma amene wasiya yekha, kapena wachotsedwa ngati chilango, salandira. Mukuona tsopano mmene zinthu zikulumikizirana? Ndikanasaina kuti ndasiya ndekha, ILOE ikanapita. Ndikanatumiza mafayilo aja usiku uja, ndikanawapatsa abwana ndi manja anga chifukwa chimene analibe, ndipo notisi, tikiti ndi ILOE zikanapitira limodzi.

6. Kudandaula ku MOHRE

Kudandaula n'kwaulere. Mungathe kuyamba pa app kapena pa webusaiti ya MOHRE, kapena kuimba 80084, nambala yaulere ya madandaulo ndi uphungu. Unduna umayamba wayesa kukugwirizanitsani, ndipo umapatsidwa masiku 14. Kuyambira pa 1 Januwale 2024, ngati ndalama zimene mukufuna sizipitirira ma dirham 50,000, unduna womwewo uli ndi mphamvu yogamula. Amene sanakhutire ali ndi masiku 15 ogwira ntchito kuti apite kukhoti. Nkhani za ndalama zoposa pamenepo zikakanika kugwirizana zimatumizidwa kukhoti, ndipo wantchito salipira ndalama za khoti ngati zimene akufuna sizipitirira 100,000. Mapepala a kukhoti amafunika m'Chiarabu, omasuliridwa ndi womasulira wovomerezeka.

Kuyambira pa 31 Ogasiti 2024, nthawi yodandaula ndi zaka ziwiri kuchokera tsiku limene ntchito inatha. Kale inali chaka chimodzi. Komabe musadikire. Viza ikathetsedwa mumapatsidwa masiku oti mupeze ntchito ina kapena mutuluke, ndipo masikuwo amasiyana malinga ndi mtundu wa viza, ndiye funsani anu enieni n'kulemba tsikulo pakhoma. Mukapyola, chindapusa ndi ma dirham 50 tsiku lililonse.

Ine ndinadandaula tsiku lachitatu. Wa ku unduna anatiimbira tonse awiri. Ndinalankhula modekha, ndinatchula manambala anga, osatukwana, osatchula za khalidwe la abwana. Iwo atanena kuti ndinaulula zinsinsi anafunsidwa mapepala a kufufuza kuja ndi umboni wa zimene analuza. Analibe. Ine ndinali ndi pepala losainidwa loonetsa kuti ndinabweza zonse tsiku lotsatira. Pasanathe masabata atatu ndalama zinalowa, kalata inalembedwa kuti kampani ndi imene yathetsa kontrakiti, ndipo pamenepo m'pamene ndinasaina cancellation. ILOE inandipatsa 1,080 pamwezi kwa miyezi iwiri, imene inalipira bed space mpaka nditapeza ntchito ina.

7. Nanga ndingalowe ntchito kwa opikisana nawo, kapena kuyamba yanga?

Makontrakiti ambiri ali ndi mfundo yoletsa zimenezi, imene amaitcha non-compete. Ndime 10 imailola ngati ntchito yanu imakufikitsani pa makasitomala kapena zinsinsi za abwana, koma iyenera kutchula nthawi, dera ndi mtundu wa ntchito, ndipo isapitirire zaka ziwiri. Malamulo otsatira, Cabinet Resolution No. 1 of 2022, amati mfundoyi sigwira ntchito ngati kontrakiti yatha mwa kufuna kwa bwana kapena chifukwa choti iye sanakwaniritse mbali yake. Pakakhala mkangano, ndi bwana amene ayenera kuonetsa khoti kuti waluza.

Apa m'pamene ambiri amasokoneza. Non-compete ingathe kugwa, koma chinsinsi sichigwa nayo. Ndinu mfulu kukagwira kwa woyandikana naye shopu, koma simuli mfulu kupita ndi buku la eni. Ine nditalowa ntchito yatsopano sindinatumize uthenga kwa kasitomala aliyense wa pa SIM ija. Ndinangolemba pa status ya nambala yanga kumene ndikupezeka. Ena anandifunafuna okha, ena sanabwere, ndipo ndimagona tulo. Ofuna kuyamba geni yanuyanu, pezani laisensi kaye, ya ku Department of Economy and Tourism kapena ya free zone. Viza ya ntchito si laisensi ya malonda.

8. Kwa inu obwera kudzaoda, ndi inu olemba antchito

Amayi ndi abambo amene mumabwera ndi ndege kudzaoda, tamverani. Mumatikonda, mumatibweretsera ufa, usipa ndi chambiko, tikuthokoza. Koma mukamukokera pambali mwana wa kwanu wa mushopu n'kumati, "Mwanawe, tandipatsa nambala ya kumene abwana ako amatenga, ndikupatsa ya drink," dziwani kuti mukumupempha aike ntchito yake ndi ufulu wake pachiswe kuti inu mupulumutse ma dirham awiri pa pisi. Inu Lachisanu mukwera ndege, iye atsala ndi mlandu. Akakana musamutche wodzikonda. Mufunseni za msika wa aliyense, adzakuperekezani ndi mtima wonse.

Inunso amene Mulungu wakudalitsani ndipo muli ndi antchito, kaya kuno kaya ku Area 2 kapena ku Kamwala, gulani foni ya kampani, musamaike makasitomala anu mufoni ya mnyamata. Lembani mu kontrakiti zimene mukuzitcha chinsinsi, n'kumufotokozera m'chilankhulo chimene amamva. Mukasiyana, mulipireni zake pa nthawi yake. Wantchito amene walandira zake zonse nthawi zambiri amachoka mwamtendere. Amene mwamudyera ndi amene usiku amakhala ndi foni m'manja, mtima ukutentha, ngati mmene ndinalili ine.

Pomaliza

Chakudza sichiyimba ng'oma. Musadikire tsiku loitanidwa mu ofesi. Lero lomwe tsegulani app ya MOHRE, onani basic yanu, masiku a notisi, ndi ngati muli non-compete. Onani ngati ILOE yanu ili yolipidwa. Patulani nambala yanu ya geni ndi nambala ya kuntchito. Ndipo ngati muli ndi mafayilo a kampani mu email yanu amene munadzitumizira kale mosaganizira, akonzeni zinthu zikadali bwino. Nkhani ikakula kufika kupolisi, kapena ndalama zake zikakhala zambiri, pezani loya wa kuno, musadalire nzeru za kuchipinda zokha.

Achikulire a ku Chipata aja ndinawagulira biryani tsiku limene ndalama zinalowa. Anaseka n'kunena kuti uphungu wawo watchipa kwambiri.

Amene muli ndi mafunso lembani pansipa, ndiyankha ndikaweruka. Ofuna tiwerengere limodzi gratuity, lembani basic ndi zaka zimene mwagwira basi. Dzina la kampani kapena la bwana, ma screenshot ndi zithunzi za anthu musaike, a admin azichotsa pofuna kukutetezani inu nomwe. Tumizaninso phunziroli kwa m'bale amene wangofika kumene.